Chigayo cha mphepo cha ku Elk Horn



Sabata ino ndikupemphani kuti mundilole ndisimbe za ulendo umene ndakhala ndikulonjeza kuti ndidzausimba. Ambiri mwa inu mukukumbukira kuti mu Okutobala 2023 ndinasowa pa parishi pano kwa masabata atatu, pamene ndinatumidwa kukachita maphunziro a makatekisiti mumzinda wa Omaha, m'chigawo cha Nebraska, pakatikati pa dziko la America. Nditabwerako munandipanikiza ndi mafunso a ndege, a nyumba zosanja ndi a zakudya, ndipo ine ndinkayankha mwachidule. Chimene ndinabwera nacho mumtima ndinachitola m'katauni kena kakang'ono kotchedwa Elk Horn, m'chigawo cha Iowa, komwe kumakhala anthu pafupifupi 600, anthu oti sangadzaze ngakhale tchalitchi chathu pa Misa yachiwiri. Panditengera nthawi kuti ndipeze mawu ofotokozera zimene ndinaona kumeneko, popeza nkhaniyi ikukhudzanso manyazi anga.

Ine, monga mwana wa ku Ndirande, dzina loti Denmark ndinalidziwira pa botolo. Fakitale ya Carlsberg ku Makata inatsegulidwa mu 1968, ndipo inali yoyamba imene kampaniyo inamanga kunja kwa dziko lakwawo. Ngakhale kuti mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya Castel, akuluakulu ambiri ku Goliyo ndi ku Chinseu amaitchulabe ndi dzina lakale. Tili ana tinkaona amalume athu akutsikira kumeneko m'mamawa atavala maovolosi, ndipo mphepo ikatembenuka tinkamva fungo la chimera chowiritsidwa. Denmark yense amene ndinkamudziwa anathera pamenepo. Sindinkadziwa kuti nawonso anthu a dziko limenelo anakhalapo amphawi, osowa minda, othawa kwawo ndi bokosi limodzi paphewa.

Ku Omaha ndinkasungidwa ndi banja lina la Chikatolika. Mwini nyumbayo anali bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, wofatsa ndi wokonda kufunsa. Loweruka lina, titamwa tiyi, anandiuza kuti: "Aphunzitsi, lero tiyeni mukaone kwawo kwa malemu amayi anga." Ndinavomera msanga, pokumbukira kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tinawoloka mtsinje wa Missouri kulowa m'chigawo cha Iowa, n'kutsata msewu waukulu wa Interstate 80 cha kum'mawa, kenaka tinakhotera kumpoto. Ulendo wonse unali wa ola limodzi ndi mphindi zowerengeka.

Inali nyengo yokolola. Kumanja chimanga, kumanzere chimanga, kukwera zitunda ndi kutsika zigwa, mpaka kumene maso amalekezera. Munthu wogwira khasu kapena chikwanje sindinamuone. Makina aakulu ngati nyumba ndiwo ankadula, kutonola ndi kuthira m'magalimoto nthawi imodzi. Iowa ndicho chigawo chimene chimalima chimanga chambiri kuposa zigawo zonse za America, koma bambo aja anandiuza kuti chochuluka amadyetsa ziweto kapena kupangira mafuta a galimoto. Ndinangoti kukamwa yasa. Chaka chomwecho, mu Malichi, namondwe wa Freddy anali atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi minda ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo kuno kwathu amayi ambiri ankagula ufa wa m'timapepala, wa tsiku limodzi. Ndinakhala chete mtunda wautali.

Tisanalowe m'tauni, ndinaona mapiko anayi aakulu atatulukira pamwamba pa mitengo. Chimenecho ndicho chigayo cha mphepo cha ku Elk Horn, chimene chimakoka alendo ochokera kutali. N'chachitali mamita pafupifupi 18, chomangidwa ndi mitengo, ndipo mphepo ikawomba mapiko aja amazungulira n'kutembenuza miyala ikuluikulu ya mphero imene ili m'kati. Mpaka lero chimatha kupera tirigu. Ndinaseka ndekha pokumbukira mizere ya zidebe pa chigayo cha kwathu magetsi akathima, ndipo ndinaganiza kuti chigayo chotere, chitaimikidwa pa phiri la Ndirande m'nyengo ya chiperoni, sichikanapuma.

Mbiri ya chigayochi ndi imene inandiimitsa. Chinamangidwa mu 1848 pa mudzi wa Nørre Snede ku Denmark, ndipo chinagwira ntchito kumeneko zaka zambirimbiri. Mu 1975 mlimi wina wa ku Elk Horn, dzina lake Harvey Sornson, ataona kuti zigayo zakale zoterezi zikungowola kwawo kwa makolo ake, anakopa anzake kuti asonkhe ndalama agule chimodzi. Akalipentala a ku Denmark anachiphwasula mosamala. Mtanda uliwonse ndi nsanamira iliyonse anazilemba nambala, ndipo anapanganso kachigayo kakang'ono kachitsanzo kokhala ndi manambala omwewo, kuti amene akachilandire kutsidya kwa nyanja akadziwe poika chilichonse. Mitengoyo inayenda pa sitima ya pamadzi, ndipo mu 1976, chaka chimene America ankakondwerera zaka 200 za ufulu wake, anthu ongodzipereka oposa 300 anachimanganso. Sanali akatswiri a zigayo; ambiri anali alimi ndi anthu wamba a m'tauniyo. Chimene chinawathandiza chinali manambala aja.

Ndili chiimire m'katimo, ndikununkhiza mitengo yakale, ndinazindikira kuti amene anabweretsa chigayochi sanali anthu amene anachoka ku Denmark. Iwowo anali atagona kale kumanda. Anali adzukulu awo ndi zidzukulutudzi, anthu olankhula Chingerezi chokhachokha, amene patapita zaka pafupifupi 100 anayamba kumva kuti chinachake chawapulumuka m'manja.

Zimene makolo awo anabwera nazo tinakaziona pa nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ili chakumadzulo kwa tauniyo. Bungwe lake linakhazikitsidwa mu 1983, nyumbayo inatsegulidwa mu 1994, ndipo kuyambira 2013 imatchedwa Museum of Danish America. M'menemo muli mabokosi a mitengo amene anthu ankalongedzamo moyo wawo wonse, zida za ukalipentala, zovala, Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo. Mulinso khoma lolembedwa mayina a anthu amene anawoloka nyanja. Pakati pa 1870 ndi 1914 anthu oposa 200,000 anachoka ku Denmark kupita ku America. Ambiri anali ana a alimi amene analibe chiyembekezo cholandira munda, popeza malo anali ochepa ndipo ana anali ambiri. Ena anachokera ku chigawo cha Schleswig, chimene Denmark analandidwa pa nkhondo ya 1864, ndipo anyamata a kumeneko ankathawa kulembedwa usilikali m'gulu la nkhondo la Prussia. Ndikuyang'ana mabokosi aja, ndinakumbukira masutikesi achitsulo a agogo athu amene ankapita ku Wenela ndi ku Harare, ena mwa iwo n'kukhala matchona osabwereranso.

Atafika ku Iowa, anthuwa anachita zimene wina aliyense wofika kuchilendo amachita: anafunana, anamanga moyandikana, anakwatirana okhaokha. Mu 1878 anatsegula ku Elk Horn sukulu ya achinyamata achikulire, yoyamba ya mtundu wake m'dziko la America, yotsata maganizo a mbusa wina wotchuka wa kwawo, N. F. S. Grundtvig, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1783 mpaka 1872. Mbusayu ankakhulupirira kuti chilankhulo, nyimbo, mbiri ndi magule a mtundu wa anthu ndi mphatso za Mulungu, ndipo kuti Uthenga Wabwino umamera bwino mwa munthu amene akudziwa kwawo. Pa sukuluyo panalibe mayeso. Achinyamata ankabwera m'miyezi yozizira, ntchito ya kumunda itachepa, kudzaimba, kumva mbiri ndi kukambirana.

Komatu si onse anagwirizana nazo. Panali gulu lina mu mpingo wawo wa Lutheran limene linkati chofunika ndi kutembenuka mtima basi, ndipo linkakayikira magule, mowa ndi masewera a makadi. Gulu limeneli silinkaona vuto kusiya Chidanishi n'kumalalikira m'Chingerezi, malinga ngati mizimu ikupulumuka. Mkanganowo unakula mpaka mu 1894 mpingo unagawikana, ndipo msonkhano wa amene anapatukawo unachitikira ku Elk Horn komweko. Anthu anayamba kutchula gulu limodzi kuti Adanishi osangalala, linalo Adanishi oyera. Elk Horn inakhala mbali ya oyera, pamene Kimballton, katauni kena ka pa mtunda wa makilomita 5 okha, kanakhala mbali ya osangalala. Tinapitako masana, n'kuona chiboliboli cha mtsikana wa mchira wa nsomba wa m'nthano ya Hans Christian Andersen, chofanizira chija chili pa doko la Copenhagen. Mtunda wa pakati pa matauni awiriwa ndi wonga wochokera ku Ndirande kukafika ku Ginnery Corner n'kupitirira pang'ono, koma bambo aja anati panali nthawi imene mnyamata wa uku kufunsira mtsikana wa uko inali nkhani yovuta m'banja.

Nkhani imeneyi sinali yachilendo m'makutu mwanga. Ndi kangati pamene inu mwandifunsa pa maphunziro athu ngati Mkhristu angavine tchopa, kapena ngati n'kulakwa kupita ku mwambo wa makolo kumudzi? Mafunso amenewa ndi enieni, ndipo tidzawapatsa sabata yawoyawo. Pano ndingokuuzani mmene zinathera kwa anzathuwa. Mipingo iwiri ija, itadutsa m'migwirizano ingapo, inadzapezeka ili mu mpingo umodzi mu 1988. Pofika nthawi imeneyo chilankhulo chimene ankakanganirana chinali chitazima m'nyumba za magulu onse awiri.

China chimene chinafulumizitsa kuzimako chinachitika mu 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati. Bwanamkubwa wa Iowa, William Harding, analamula kuti m'sukulu, m'matchalitchi, m'sitima, pa misonkhano ngakhalenso pa lamya, anthu azilankhula Chingerezi chokha. Lamulolo linalunjika kwambiri anthu ochokera ku Germany, koma linagwera onse, Adanishi omwe. Taganizani nkhalamba imene yapemphera m'chilankhulo chimodzi moyo wake wonse, ikuuzidwa kuti Lamulungu likudzali ulaliki ukhala m'chilankhulo chimene sikuchimva. Lamulolo silinakhalitse, linachotsedwa nkhondo itatha, koma mantha ndi manyazi zinatsalira. Makolo ambiri anaganiza kuti ana awo adzayenda bwino m'dziko latsopanolo akapanda kumveka ngati alendo.

Chakudya cha masana tinakadyera kwa azakhali awo a bambo aja, gogo wa zaka zoposa 85, wowongoka ndi wanthabwala. Anatiphikira timikate tozungulira totchedwa æbleskiver, tokazingidwa m'chiwaya chokhala ndi maenjemaenje, ndipo ankatitembenuza ndi singano yolukira juzi. Kakomedwe kake kali pakati pa mandasi ndi chikondamoyo, ndipo amadyera jamu. Titatha kudya, bambo aja anaweramitsa mutu n'kunena kuti: "Tak for mad." Anandimasulira kuti ndiko kuthokoza chifukwa cha chakudya, ndipo mwana aliyense wa m'banja la Chidanishi amaphunzitsidwa kunena mawuwa asanachoke pa tebulo.

Ndinafunsa gogoyo kuti: "Agogo, kodi Chidanishi mumachilankhula?"

Anaseka, kenaka anayang'ana pawindo. "Mwana wanga, ndimadziwa kuthokoza chakudya, ndimadziwa mayina a zophikaphika, ndi nyimbo imodzi ya Khirisimasi imene sindidziwa tanthauzo la mawu ake onse. Bambo ndi mayi ankachilankhula usiku, akafuna kuti ife ana tisamve. Ife tinkachiyesa chilankhulo cha zinsinsi ndi cha nkhalamba. Pamene ndinafuna kuchiphunzira, woti andiphunzitse panalibe."

Atatero anandifunsa kuti: "Nanga inu kwanu mumalankhula chiyani?" Ndinayankha monyadira kuti Chichewa, ndipo ndinawalankhulira pang'ono, iwo n'kuwomba m'manja. Koma anafunsanso kuti: "Ndicho chimene ankalankhula agogo anu?" Pamenepo mkate uja unandiuma kukhosi.

Achinyamata anzanga, agogo anga aakazi, amayi awo a bambo anga, anali Mlomwe. Anawoloka mtsinje wa Ruo ali kumsana kwa amayi awo, kuchokera ku Mozambique, monga anachitira Alomwe ambirimbiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mpaka cha m'ma 1930, pothawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi. Kuno anafikira m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene malo okhala ankalipiridwa ndi thangata. Ankatchedwa ndi dzina lonyoza loti Anguru, mpaka anthu ngati Lewis Mataka Bandawe, amene anamasuliranso Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, analimbikira m'zaka za m'ma 1940 kuti boma lisiye kugwiritsa ntchito dzinalo. Dzina linasintha m'mabuku a boma, koma m'misika ndi m'mabwalo a sukulu chitonzo chinapitirira. Choncho Alomwe ambiri anachita zomwe anachita Adanishi a ku Iowa: anatsekera chilankhulo chawo kuchipinda. Mu 1968, chaka chomwe chija fakitale ya ku Makata inatsegulidwa, Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko lonse pamodzi ndi Chingerezi, koma kunena zoona m'banja mwathu Chilomwe chinali chitayamba kale kubisala lamulo lisanabwere. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri kukula m'Malawi, pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse. Inu amene muli a mtunduwu, dziwerengeni nokha kuti ndi angati mwa inu angathe kupempha madzi akumwa m'Chilomwe.

Agogo anadzakhala nafe ku Ndirande atakalamba. Ankalankhula Chichewa chomveka bwino, ngakhale kuti mawu ena ankawapinda mwa njira yawo, ndipo ife ana tinkawaseka pobisalira. Usiku ndinkawamva akunong'ona mapemphero, kolona ili m'manja, ndipo mawu amodzi okha ndi amene ndinawagwira chifukwa ankabwerezedwabwerezedwa: Muluku. Ndiye kuti Mulungu. Sindinawafunsepo za mawu ena onsewo. Ndinali wotanganidwa ndi zinthu zimene ndinkaziyesa zazikulu.

Mu 2012 ndinabwera ku tchuthi kuchokera ku seminale ndipo ndinawapeza akudwala. Matenda a ukalamba anali atayamba kufufuta zimene anaphunzira atakula, n'kusiya za ubwana zokha. Chichewa chinawathawa. Masabata awo otsiriza ankalankhula Chilomwe chokhachokha, ndipo m'nyumba monse munalibe wochimva bwino, ngakhale bambo anga, amene ankangotola liwu apa ndi apo. Ine ndinali nditaphunzira Chilatini, ndinkatha kuwerenga zilembo za Chigiriki, ndinkalemba nkhani zazitali m'Chingerezi zokhudza anthu anzeru a ku Ulaya. Tsiku lina madzulo anandigwira dzanja mwamphamvu n'kulankhula kwa nthawi yaitali, akundiyang'ana m'maso, akubwereza mawu ena ngati munthu wofuna kuti zimene akunenazo zisaiwalike. Ndinatopa, ndipo ndinawauza kuti: "Agogo, lankhulani Chichewa, sitikukumvani." Anandiyang'ana, anasiya dzanja langa, n'kutembenukira kukhoma.

Patapita masiku awiri tinaitana mayi wina wa ku Phalombe amene ankagulitsa nandolo mumsika. Anakhala nawo pafupi, akumvetsera, koma mawu anali atayamba kale kuzilala. Potuluka anatiuza kuti: "Amayiwa akutchula mayina a abale awo, mmodzimmodzi, ndi mudzi umene anachokera kutsidya, ndi pamene anaikidwa amayi awo. Ena ndawamva, ena sindinawamve." Panalibe amene anaganiza zotenga cholembera. Tinali ndi nkhawa ya mankhwala ndi ya ndalama, ndipo tinkayesa kuti mayiyo adzabweranso. Agogo anamwalira usiku wa tsiku lotsatira. Maliro atatha, mayi uja anali atakumbukira mayina awiri okha.

Zonsezi ndinawafotokozera gogo wa ku Elk Horn, m'Chingerezi changa chimene tsiku limenelo chinkakhumudwakhumudwa. Ndinali ndisanazifotokozerepo munthu wina aliyense kupatula m'chipinda cholapira. Sanandinyengerere ndi mawu oti palibe kanthu. Anangofunsa kuti: "Kodi alipo wina wa msinkhu wawo amene akali moyo?" Ndinati alipo mng'ono wawo, ku Thyolo. Iwo anati: "Ndiye mukudikira chiyani? Ife tinachita kukagula chigayo kutsidya kwa nyanja chifukwa tinachedwa. Chigayo n'chokongola, koma sichiyankha ukachifunsa."

Pobwerera ku Omaha dzuwa linali likulowa kumbuyo kwa minda ija, ndipo maganizo anga anali pa akalipentala a ku Nørre Snede. Iwo ankadziwa kuti chigayo chikuphwasulidwa, ndipo kuti amene adzachimangenso ndi anthu amene sanachionepo chili chiimire. N'chifukwa chake analemba nambala pa mtengo uliwonse chisanagwe. Agogo anga, madzulo aja, ankayesa kuchita ntchito yomweyo. Ankadziwa kuti nyumba ikuphwasuka, ndipo ankandipatsa mitanda mmodzimmodzi, ine wophunzira wa m'banjamo, amene ndinali ndi makope ndi zolembera zodzaza chikwama.

Sindikunyoza zimene anthu a ku Elk Horn achita. Chaka chilichonse kumapeto kwa Meyi amakhala ndi chikondwerero chotchedwa Tivoli Fest, amavala zovala za makolo, amavina, amaphika, ndipo ana awo amadziwa kuti anachokera kwinakwake. Nafenso kuno, kuyambira 2008, Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu kwa Chonde ku Mulanje m'mwezi wa Okutobala, ndipo mu 2014 bungwe la UNESCO linaika gule wa tchopa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Mwana amene kale ankabisa mtundu wake lero amavala nsalu yake poyera, ndipo zimenezi n'zoyamika. Koma chikondwerero chimabwera kamodzi pa chaka, ndipo chimasunga zimene zili za mtundu wonse. Dzina la amayi awo a agogo ako, mudzi umene anachokera, chifukwa chimene anasamukira, pemphero limene ankanena pogona, zimenezi palibe bungwe limene lingakusungire. Zili m'kamwa mwa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo anthuwo akukalamba m'nyumba zathu zomwezi, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri ndi ku Chilomoni, atakhala pakhonde pamene ife tikudutsa maso ali pa foni.

Nditabwerako, Khirisimasi isanafike, ndinakwera minibasi ku Limbe kupita ku Thyolo, nditanyamula kope, shuga ndi sopo. Ndinawapeza agogo aang'ono akusenda chinangwa choti aanike makaka. Nditawauza chimene ndadzera, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwachedwatu, achimwene. Koma khalani pansi." Ndinakhala masiku atatu. Ndinajambula mawu awo pa foni, ndinalemba mayina 23 a abale, ndinaphunzira kupereka moni ndi kuthokoza, ndipo anandiphunzitsa kuchita chizindikiro cha mtanda m'Chilomwe, akundiseka lilime likamakana. Mudzi wa kutsidya anautchula, koma pamene anaikidwa amayi awo anati iwo anali wamng'ono kwambiri, amene ankadziwa anali akulu awo aja. Chimenecho chinapita, ndipo sichidzabweranso. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amafunika kuti wina akhale atawamva.

M'buku la Yoswa, mutu 4, timamva kuti Aisraele atawoloka Yordani anatola miyala 12 mumtsinjemo n'kuiimika, cholinga chake chili choti ana awo adzafunse tanthauzo lake ndipo makolo adzafotokoze. Miyala payokha sinali ndi phindu popanda mwana wofunsa ndi kholo loyankha. Ambiri a ife m'matauni muno ndife ana a anthu owoloka: ena anawoloka Ruo, ena Shire, ena anatsika kuchokera ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nsanje kudzafuna ntchito m'mafakitale a mu Blantyre. Chichewa chatilumikiza, ndipo ine ndimachikonda. Ndi chimene ndikulemberamo, ndi chimene timapempheramo limodzi. Kufunsa za kwanu sikudana ndi mtundu wa mnzako, ndipo aliyense amene angagwiritse ntchito mtundu wake ponyoza ena kapena pogawa anthu sanamvetse nkhani ya agogo anga, amene anavutika ndi chitonzo chotero.

Tsono pempho langa sabata ino ndi ili. Pezani munthu wamkulu kuposa onse m'banja mwanu, kaya ali m'nyumba momwemo kaya ngofunika kumuimbira foni. Mufunseni mayina a makolo ake ndi a agogo ake, mudzi umene banja linachokera ndi chimene chinawasamutsa, ndiponso pemphero kapena mawu othokoza m'chilankhulo chimene ankalankhula ali mwana. Lembani m'kope, ndi tsiku lake. Akayamba kubwereza nkhani imene munaimva kale, musamudule. Lamulungu likudzali, ikatha Misa yachiwiri, tidzakumane m'holo ndi makope athu, ndipo amene adzafune adzatiwerengere. Ine ndidzayamba, ndi mayina 23 aja.

Gogo wa ku Elk Horn ndinamutumizira kalata chaka chotsatira, ndi chithunzi cha kope langa. Pansi pake ndinalemba mawu ake atatu aja othokozera chakudya, popeza ndiwo okha a Chidanishi amene ndimawadziwa, ndipo pambali pake ndinalemba liwu limodzi la agogo anga.

Muluku akudalitseni nonse, ndipo muwapatse moni agogo kunyumba.